Mpweya Wolemera

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amalume anga a Yosefe, amene ankaoda zitenje ku Chipata, anandibweretsera chibaluni chofiira. Kwathu ku Kachebere tinkadziwa zibaluni za pa Khirisimasi, zouzira ndi pakamwa, zongogubuduka pansi. Ichi chinali china. Nditachisiya m'chipinda cha amayi, chinakwera chokha n'kukatsamira kudenga, ulusi wake uli lende.

Amayi anali chigonere ndi chifuwa chachikulu kuyambira nthawi yokolola. Anthu akapita kudimba, ine ndinkatsala kuwayang'anira. M'nyumba munkangoti zii, kupatula kupuma kwawo kokokera ngati macheka. Chibalunicho sichinkakhala malo amodzi. Popanda ndi kamphepo komwe, chinkayenda pang'onopang'ono n'kukaima pamwamba pa mutu wawo, ngati munthu wobwera kudzazonda matenda. Ndinkachiopa, koma kuchichotsa ndinkaopanso.

Tsiku lina ndinamva azakhali akunong'oneza mnzawo pakhonde kuti, "Mpweya ukuchepa mwa alamu anga." Nditalowa, ndinapeza chibaluni chija chitachita makwinya, chitatsika, ulusi ukukhudza bulangete la amayi. Mutu wa mwana suchedwa kulumikiza zinthu. Ndinatsimikiza kuti mpweya wa amayi ndi wa chibalunicho ndi umodzi, ndipo tsiku lomwe chidzafike pansi, kwathu kudzamveka maliro.

Masana amenewo ndinamasula mfundo yake ndi mano. Mpweya unatuluka ndi kamluzu kondiimitsa tsitsi. Ndinauziramo wanga mpaka m'maso munachita chidima, ndinamanganso, n'kuchikankhira m'mwamba. Chinatsika osakayika, chinagunda pansi, n'kugubudukira kunsi kwa bedi.

Ndinakuwa kukuwa kwenikweni. Amayi sanagwedezeke. Ndinawagwira phazi, linali lozizira. Kenako diso limodzi linatseguka.

"Iwe Tiyamike, wandisokonezera tulo chifukwa chiyani?"

Ndinafotokoza ndikusisima. Amalume, amene anathamangira kuphokosoko kuchokera kuseri kwa nkhokwe, anaseka mpaka kugwira khoma. Anati wogulitsayo sauzira ndi pakamwa ayi, amapopa kuchokera mu botolo lachitsulo mpweya wina wopepuka kuposa umene watizungulirawu. N'chifukwa chake chimakwera, monga chigubu chotseka chimabwerera pamwamba ukachikankhira pansi pa madzi. Mpweya wopepukawo umapulumuka pang'onopang'ono, ndiye chibaluni chimatsika, kaya m'nyumbamo muli wodwala kaya mulibe.

Amayi sanaseke nawo. Anandiuza kuti nditolere chibalunicho, anachiika pachifuwa pawo, ndipo chinakhala pomwepo, chikukwera ndi kutsika pamodzi ndi kupuma kwawo.

"Chisiye pompa," anatero. "Chija chinkandiitana kumwamba. Ichi chili ndi mpweya wako, ndi wolemera, sufuna kupita kulikonse."

Pamenepo ndi pomwe ndinadziwa kuti nawonso ankachiyang'ana masiku onse aja, ndipo ankachiopa ngati ine, osanena.

Anachira ndi mankhwala a kuchipatala cha ku boma, osati ndi mapapo anga, zimenezo ndikuzidziwa bwino. Komabe mpaka lero, ndikakhala pambali pa wodwala n'kumva akupuma movutikira, sindithawa phokosolo. Ndimasendera pafupi, chifukwa mpweya wolemera ndi wa munthu amene adakali nafe pansi pano.