Mano a bambo ake

Mwana wanga wamkazi anatengera mano a bambo ake: awiri akutsogolo otuluka, otalikirana pang'ono. Bambo akewo anakula akusekedwa nawo kwawo ku Ntaja, ndipo sankafuna kuti mwana wawo azidzaseka ataphimba pakamwa monga iwo. Choncho atalowa sekondale tinapita naye ku Blantyre, adokotala a mano kukamumanga timawaya. Ankadandaula kuti timamucheka milomo, koma mano analunjika. Pofika tsiku lochotsa timawayato, bambo ake anali atatisiya kale. Anagwa ku ofesi kwawo ku Balaka, osadzukanso.

Adokotala anamupatsa ritena, kapulasitiki koonekera mkati kovala pamano kuti asabwererenso mwakale. Ankakavula pakudya pokha.

Kanasowera ku Ntaja, pa sadaka yokumbukira bambo ake. Ashehe atamaliza pemphero la duwa, azimayi tinakhala kuseri kwa nyumba kudya mpunga ndi nyama ya mbuzi. Mwanayo anakulunga kapulasitikiko m'kansalu n'kukaika pambali pake pamkeka. Pobwera kosamba m'manja anapeza kansalu kali chipindire bwinobwino, mkati mulibe kanthu.

Tinakutumula mikeka, tinapisa manja m'mabeseni otsukira mbale, tinafukula ndi kudzala komwe. Alamu anga, mlongo wa malemu, anangoima pakhomo la khitchini kumatiyang'ana.

"Alamu, simunakaoneko kapulasitiki ka mwanayu?"

"Iyayi," anatero. "Koma nanga n'kantchito yanji, poti amene ankafuna zimenezo anapita?"

Ndinabwerera kukapinda mikeka. Panali anthu.

Titabwerera ku Balaka ndinaimba foni ku chipatala kuja. Anati adokotala achokapo, tidikire. Ine ndinali pa kalikiliki wa mayeso kusukulu komwe ndimaphunzitsa, ndipo masabata anapita. Mwanayo anayamba kunena kuti mano akumukoka. Ndinkamuyang'ana, osaona chachilendo.

M'mawa wina tikumwa tiyi, anaseka nthabwala ya pa wailesi. Nditadzutsa mutu ndinaona amuna anga atakhala patebulo. Sikuti anangofanana nawo. Anali iwo, kampata komweko, ndi mlomo wam'mwamba wokwera mbali imodzi. Ndinatuluka kukaima pa chingwe choyanikira zovala mpaka mtima unakhazikika.

"Amayi, mwatani?" anandifunsa ali pazenera.

"Palibe. Tamaliza tiyiyo, uchedwa."

Kuyambira pamenepo ndinkachita mantha kumuseketsa. Akayamba nkhani yosangalatsa, ine maso m'mbale.

Tsiku lathu litakwana, adokotala anamulumitsa zinthu zangati phala lolimba kuti atenge muyezo. Anati mano asunthadi. Tikafuna, timawaya tibwererepo kwa miyezi ingapo. Apo ayi, apange ritena ina yongowagwira pamene afikapo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma mwanayo anandiyambirira. Anali atagwira kagalasi ka adokotala.

"Muwagwire pomwe alipa."

"Koma bambo ako ankafuna..."

"Ndikudziwa, amayi. Koma iwo sankadziona akamaseka. Ine ndinkawaona."

Adokotala anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Mu minibasi, titafika pa Phalula, anandigulira chimanga chowotcha kudzera pazenera, iye osadyako.

Pa Idi tinapitanso ku Ntaja. Tikutsika pa kabaza, alamu anamuthamangira, kumugwira chibwano, n'kumuuza m'Chiyao kuti ayasamule. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamusiya n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, ndipo tinamva akulira, akuitana mchimwene wawo ndi dzina lapaubwana limene ine sindinayerekezepo kulitchula. Sindinawafunsenso za kapulasitiki kaja. Mpaka lero sindidziwa ngati anali iwo, kapena mwana wina anangokatola n'kukaseweretsa.

Ritena yatsopano amaisunga m'kabokosi kobiriwira, ndipo sanaitayepo. Chimene adokotala sanatichenjeze n'chakuti kampatako kamatulutsa mluzu. Mwanayo anazitulukira yekha akuchapa yunifolomu yake Loweruka lina masana. Ine ndinali m'nyumba, ndikusita. Mluzuwo unali wopyapyala, wodukaduka, uja ndinkaumva madzulo aliwonse njinga ya bambo ake ikamalowa pageti. Ndinasiya simbi pa bulauzi n'kuyenda kukatsegula chitseko. Bulauziyo inapsa kumsana.