Tsiku limene laputopu yanga inatsala pang'ono kusambitsidwa

Anthu ena ndikawafotokozera nkhaniyi amaseka, amati aphunzitsi mwayamba liti kupeka nthano, koma ine palibe chimene ndingapindule ponama, ndipo alongo anga aakulu amene anaona zonse akadali moyo ku Msakambewa. Zinachitika zaka zingapo zapitazo, ndikuphunzitsa pa sekondale ina kufupi ndi Malomo.

Ndinali ndi laputopu ya kaunjika imene ndinagula ku Lilongwe kwa mkulu wina wa kashopu kodzaza mawaya. Mkuluyo anandiikiramo pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene sinapangidwire makina ngati angawo, ndi ya makompyuta odula aja amene ife aphunzitsi timangowaona m'manja mwa alendo a mabungwe, koma iye anali ndi njira yake yoinamiza kuti izigwira ntchito. Anandiuza zinthu ziwiri, kuti ndisalole kuti ipange apudeti, kudzisintha kuja kwa pa intaneti, komanso kuti kafulashi kamene anandipatsa ndisakaikemo nyimbo kapena kukabwereketsa. Kafulashiko ndinakaponya m'kathumba ka chikwama cha laputopu n'kukaiwala.

Mu laputopumo munali mawu a mayi anga. Chaka chimene anadwala ndinawajambula pa foni akuimba nyimbo ya kutchalitchi imene ankaikonda, atakhala pakhonde akuswa mtedza, ndipo mawuwo ndinawakopera mu laputopumo. Foniyo inasowa mu minibasi iwo atamwalira kale, choncho padziko lonse mawu awo anatsala malo amodzi okha. Ndinkamvetsera mwa apo ndi apo, koma nyimbo ikangotha ndinkaimitsa pomwepo, chifukwa pambuyo pake pankamveka akutsokomola, ndipo chifuwa chimenecho sindinkafuna kuchimvanso.

Tikukonzekera mwambo wovundukula chiliza chawo, ndinalonjeza abale kuti tikachoka kumanda adzawamva mayi akuimba. Alongo anga sanasangalale nazo, ankati munthu amene anagona sayenera kumadzutsidwadzutsidwa, koma mbiri inali itafika kale mpaka kwa achibale a ku Chezi, ndiye ndikanabweza bwanji?

Sabata yomweyo ndinapita ku ofesi ina ya zamaphunziro kumene kuli intaneti yaulere. M'mawa wa tsikulo ndinali nditayesa nyimboyo pa sipika n'kuimitsa pamalo anga a nthawi zonse. Nditalumikiza intaneti ndinatuluka kukagula chimanga chootcha, ndipo pobwera ndinapeza sikirini yada, pakati pali kamzere koyenda pang'onopang'ono. Inali ikupanga yokha apudeti ija, osafunsa aliyense. Kenako inazima, n'kuyaka, n'kuonetsa chizindikiro chozungulira chodulidwa pakati ngati cha pamsewu choletsa kulowa, n'kuzimanso. Inayakanso yokha, chizindikiro chomwecho, n'kuzima.

Ndinayesa zimene aliyense amayesa. Ndinadina batani loyatsira mpaka chala kupweteka, ndinazula chaja, ndinaiika pamthunzi poganiza kuti yatentha, ndinadina mabatani onse a mzere wa pamwamba limodzilimodzi, koma yankho linali chizindikiro chija basi. Batire lake linali la mkati, losachotseka, ndiye ngakhale nditaitseka n'kuiika m'chikwama, ulendo wonse wopita kumudzi ndinkaimva kumsana ikupuma, kafani kake kakuwuzira, kusiya, kuwuziranso, monga amapumira munthu wodwala chifuwa. Pamenepo ndi pamene mantha anandigwira, ndipo sanali mantha a makina.

Nditafika kumudzi ndinaiika patebulo, ndipo alongo anga ataona chinthu chikuyaka ndi kuzima popanda wochigwira, anabwerera chambuyo mpaka pakhomo. Sanakuwe, anangonena motsitsa mawu kuti anandiuza kale, mayi sakufuna.

Kutacha tinapita limodzi ku boma, iwo kukagula mpunga ndi shuga wa alendo, ine kwa bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika. Bamboyo anaiyang'ana, anapukusa mutu, n'kunena kuti apa palibenso zambiri, tingoisambitsa ndipo pofika masana ikhala ikuyenda ngati yatsopano. Inu mukanamva chiyani? Ine ndinaganiza za fumbi la ku Ntchisi limene limalowa paliponse, ndinati akutanthauza kuitsegula n'kuipukuta mkati, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Anatenga fulashi yake, anaibaya pa laputopuyo, chala chili kale pa batani.

Alongo anga anali ataima kumbuyo kwanga ndi jumbo la shuga. Atangomva mawu oti kusambitsa anaika jumbolo pansi, anatambasula dzanja n'kutseka laputopuyo, pang'ono kumupana bamboyo zala. Anati mayi anasambitsidwa kale kamodzi, iwo analimo m'nyumbamo pamene amayi a mumpingo ankawasambitsa, ndipo palibe mwamuna wachilendo amene awasambitsenso kachiwiri pamsika. Ine ndinachita manyazi, ndinawauza kuti alongo musatichititse manyazi, awa akunena za fumbi. Bamboyo anaseka n'kunena kuti ayi aphunzitsi, si fumbi, kusambitsa ndi mmene iwo okonza amanenera kufufuta zonse zimene zili mkati n'kuikamo pulogalamu ina. Ndinafunsa ngati nyimbo ndi zithunzi zimatsala, iye anati palibe chimatsala, ndiye kusamba kwakeko. Ndinakhala pa benchi.

Ndili pa benchipo ndi pamene ndinakumbukira mkulu wa ku Lilongwe uja. Nditamuimbira foni anayamba ndi kundinyoza kaye, kenako anafunsa za kafulashi kaja, ndipo ndinakapeza m'kathumba momwe muja pamodzi ndi zidutswa za choko. Anandifotokozera kuti zinthu zanga sizinapite kulikonse, chimene chasokonekera ndi kachigawo kamene kamanamiza pulogalamuyo poyaka, ndipo kafulashiko kali ndi kachigawo kena kotero. Anandiuza kuti ndikabaye, ndiyatse ndikudina batani lina mobwerezabwereza, kenako ndisankhe kuti iyakire pa fulashi. Ulendo woyamba panatsika mawu oyera ambirimbiri pa sikirini yakuda, n'kuima pa mzere umodzi. Ndinamuwerengera mzerewo chilembo ndi chilembo, netiweki ikudukaduka, iye anati ndibwerere ndikasankhe pamene pamaiwalitsa makina zimene anasunga poyaka, ndiyeno ndiyesenso. Mawu oyera aja anatsikanso, anafika pa mzere uja, anaima kanthawi, kenako anadutsa.

Sikirini inawala, ndipo zonse zimene ndinasiya zotsegula zinayamba kubwerera pamalo pake. Palibe amene anagwira batani, ine manja anali pa foni, bamboyo anali atapinda ake. Mwadzidzidzi munamveka chifuwa, kenako kuseka, kenako mawu a mayi, omveka bwino ngati ali kuseri kwa kauntala. Anandifunsa ngati chagwira chinthu changa chojambuliracho, ndipo anati ndisunge bwino, ndisakataye monga ndimatayira zinthu, chifukwa iwo sabwerezanso.

Bamboyo anavula chipewa. Alongo anga anatola jumbo lawo la shuga, anayang'ana laputopuyo n'kuyankha mwaulemu, ngati mmene ankayankhira akaitanidwa, kuti tamva mayi.

Mkulu wa ku Lilongwe anadzandiuza kuti palibe chodabwitsa, makina amangopitiriza pamene munthu unaimitsira, ndipo ine monga mphunzitsi ndikuvomereza. Mawuwo mayi anawalankhula pakhonde paja ali moyo, ine ndinali nditangowaiwala chifukwa choopa chifuwa chija. Koma chimene sindinachipezere yankho mpaka lero ndi chakuti alongo anga, amene sadziwa ngakhale poyatsira kompyuta, anamva mawu oti kusambitsa aja molakwika n'kukhala kuti ndi amene anamva bwino. Ndimakhulupirira kuti mayi sankakana kuimba pa chiliza chawo, ndipo anaimbadi, anthu analira, koma ankafuna kuti ndimvetsere mpaka kumapeto.

Ndiye inu amene makina anu anaikidwa pulogalamu ya njira zachidule, musawasiye okha pa intaneti, ndipo wokonza akakuuzani mawu amene mukuganiza kuti mukuwadziwa, mufunseni kuti kwa iye akutanthauza chiyani asanadine batani. Mawu a mayi ndinawakopera m'mafulashi angapo, imodzi ili kwa alongo anga, amaisunga m'Baibulo. Ndikamamvetsera masiku ano sindiimitsanso pa chifuwa paja, ndimadikira mpaka andifunse ngati chagwira.