Unyolo Uja Ndinakwezetsa Ndine

Zimene ndikulembazi sindinachite kumva kwa munthu iyayi, ndinaziona ndi maso angawa mwana ali kumsana, ndipo wokayika abwere kumunsi kwa phiri la Chikala ndidzamuonetse chitsa chake, ndi cha muwanga, sichinawole. Papita zaka zinayi, koma mpaka lero ndikamva injini yasintha kaliridwe, mtima umandichoka.

Bambo a mwana wanga anagula kathalakitala ka m'dimba kwa mzungu wina wa pa esiteti ya fodya amene ankabwerera kwawo. Kanali kakang'ono ngati thole, ntchito yake kukoka manyowa basi. Ife tinkafuna kuti katitsitsire zipika za bulugamu kuchokera m'mbali mwa phiri, ocheka matabwa atichekere mitengo ya denga mvula isanagwe, pakuti tinkapanikizana m'nyumba ya mayi anga ndi khanda, yathu ili makoma okhaokha.

Poyamba bambo a mwana anamanga unyolo pansi, pa kachitsulo kokokera ngolo, koma mutu wa chipika unkalima nthaka ngati khasu, kathalakitala n'kumangobuula. Apa ndiye pali tchimo langa. Ine wa satifiketi ya uphunzitsi, wophunzitsa sayansi ana a eni, ndinawanong'oneza kuti akweze unyolowo, aumange pa chitsulo cha kuseri kwa mpando kuti mutu wa chipika uzinyamuka. Akanakana bwanji, si ndine wopita ku koleji? Zinayendadi, zipika zitatu zinatsika bwinobwino, ine ndikuyenda pambali monyada.

Pa chipika chachinayi iwo anati ndiwapatse mwana akhale pamiyendo pawo, alaweko galimoto ya bambo ake. Ndinakana. Anthu amandidziwa kuti ndine wamantha, madzi akumwa a mwana ndimawiritsa kawiri, choncho ocheka matabwa aja anaseka, amvekere aphunzitsi akuopa kuti mwana achita chizungulire pa liwiro la kamba. Bambo a mwana sanayende mtunda. Chipika chinakodwa pa chitsa chija, koma kathalakitala sikanaime. Ndinaona mphuno yake ikukwera, matayala akutsogolo akupalasa m'mwamba, kenaka kanaimirira ngati munthu n'kugwa chagada. Iwo anadziponyera pambali, mkono unathyoka, ndipo chiwongolero chinalowa m'dothi pamalo penipeni pamene pakanakhala chifuwa chawo, pamene pakanakhala mwana wanga. Ndinangomva kakhanda kakusewera ndi khutu langa.

Pamudzi nkhani inapsa msanga. Anati mtengowo unadulidwa pafupi ndi malire a manda akale, nanga chitsulo chinayamba chaimirirapo chokha? Malume anakathira ufa patsinde pake n'kupepesa mizimu. Ine ndinali chete, sabata ziwiri zathunthu, ndikuwaphikira phala odwala ngati munthu wosalakwa, ngakhale mumtima china chake chinkanditsina za unyolo uja. Ndiye tsiku lina bambo a mwana, mkono uli mu pulasitala, anayang'ana mitambo ya ku nyanja ya Chiuta n'kunena kuti poti mizimu yapepesedwa, Lolemba akweranso, chiwongolero sichifuna manja awiri. Kodi mukudziwa mantha oona munthu akubwerera ku msampha ali wokondwa, akukhulupirira kuti wautchola?

Chimene chinanditsegula maso si buku la ku koleji iyayi, ndi msomali. Ndikutuluka m'nyumba mothamanga, mbereko inakodwa pa msomali wa pachitseko, cha m'mapewa mwangamu, miyendo inapitirira koma kumtunda kunatsala, ndipo ndikanapanda kugwira felemu ndikanagwa chagada n'kumuphwanya mwana. Ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuganiza. Nsalu yanga yakodwapo kangati m'munsi, cha m'miyendo, ine osagwa chagada? Ukagwidwa m'mwamba miyendo ikuyendabe, umagwera kumbuyo. Si zimene ndinachita kwa kathalakitala kaja?

Ndinawaululira bambo a mwana tsiku lomwelo, ndikulira, kuti amene anafuna kuwapha si a kumanda. Iwo anati, "Ndiye mizimu ija ndi inu, mayi a mwana? Ufa wa malume unangopita pachabe." Ndinawapempha masiku anayi okha, asakagwire kathalakitalako.

Ndinayeza mabowo a pansi pa kathalakitala ndi tepi ya telala, ndikujambula pa pepala la m'kope, ndipo Lachisanu ndinakwera basi pa Liwonde, khadi la chipani ndalimanga pa nsonga ya nsalu kuti asandibweze panjira. Ku Balaka ndinapeza owotcherera zitsulo atseka, apita ku mzikiti, ndipo ndinadikira pa mulu wa masipuling'i a galimoto mpaka anabwera, bambo achikulire a kofia yoyera. Anayang'ana pepala langa mozondotsa dala, n'kufunsa ngati amuna a ku Machinga anatha kuti akazi ayambe kujambula zitsulo. Nditawafotokozera za msomali anasiya kuseka. Anati chemwali mwaganiza bwino, chokokera chikhale pansi pa ekiselo ya matayala akumbuyo, chisadutse pamenepo ngakhale ndi chala chimodzi. Anandipangira chitsulo chochindikala chomanga ndi mabawuti, ndi kabokosi ka kumphuno koikamo miyala. Nditadandaula kuti chipika chiyambanso kulima nthaka, analowa kuseri n'kutulukako ndi boneti ya galimoto yakufa, anaiboola pakati, amvekere unyolo udutse apa, mutu wa chipika ugone m'menemu ngati mwana mu mbereko, chitsa chikabwera chingotsetsereka. Kondakitala ananditukwanira boneti imeneyo mpaka pa Liwonde.

Lolemba ocheka matabwa anamanga zonse, anthu atadzaza kudzaona ngati mizimu yakhululukadi. Bambo a mwana ananyamula mwendo kuti akwere, ine ndinawagwira malaya. Ndinapereka mwana kwa mayi anga, ndinakulunga nsalu bwinobwino, ndinakwera ndine. Nanga wotchera msampha si ndiye ayenera kuuponda? Ndinauza ocheka matabwa achotse kaye boneti ija, akodwetse chipika dala pa chitsa chomwe chija. Ndinaika phazi pa kilachi monga bambo a mwana anandionetsera. Unyolo unakungika, injini inasintha kaliridwe ndendende ngati tsiku lija, ndinatseka maso, koma mphuno sinanyamuke. Matayala akumbuyo anangokanda dothi pamalo amodzi mpaka ndinaponda kilachi. Atabwezera boneti, chipika chinakwera pa chitsa n'kutsikira kwinaku ngati nsomba m'manja. Mayi anga analulutira, mwana n'kudzidzimuka. Malume anati mwaona, ufa wagwira ntchito, ndipo sindinawatsutse. Mmodzi wa ocheka matabwa, yemwe uja anandiseka, anati, "Aphunzitsi, tsikani, mutichititsa manyazi." Sindinatsike. Zipika zonse zotsala ndinatsitsa ndine, chimodzichimodzi, ndipo mvula yoyamba inatipeza pansi pa denga lathu.

Za mizimu sindilimbana ndi munthu, kumanda ndimakulemekeza. Koma chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti tsiku lija mantha anga anapulumutsa mwana, nzeru zanga zinathyola mkono wa bambo ake, ndipo chete wanga akanawamalizitsa. Inu amene mukugula timathalakitala timeneti, unyolo muzimanga pansi pa ekiselo, kumphuno muziika miyala, ndipo mwana asakwere ngakhale alire chotani. Wina akadzakuuzani kuti kwezani unyolo, mukaneni, ngakhale akhale mkazi wanu wa satifiketi.