Kusaka Ntchito ya Dzuwa ku Rustenburg

Ndinanyamuka ku Mabeskraal 6 koloko m'mawa Lachiwiri, nditavala jekete yobwereka. Kontirakiti yanga ya ku mgodi inali itatha, ndipo mayi a ana ku Ntcheu anali atanena mosapsatira: ntchito ikapanda kupezeka mvula isanagwe, ndibwerere ndikagwire khasu.

Chiyembekezo changa chinali nyuzipepala imene anandikulungiramo tchipisi. Inati kampani ina ya mafuta yalonjeza kuthira ndalama zankhaninkhani pa magetsi a dzuwa, kuyambira m'malo ake omwetsera galimoto. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma pepala lolembedwa silindidutsa. Ndinawerenga za sola milungu itatu mpaka kuyenda kwanga kunasintha, kunakhala kwa injiniya.

Tekisi ya ku Rustenburg, minibasi yakuno, inali marandi 70. Ndinakhala kutsogolo, n'kuyamba kumuphunzitsa dalaivala kuti masiku a petulo atha, eni ake omwe akumusiya.

"Iwe Malawi," anatero, "unamuonapo wabutchala akulalikira za ndiwo zamasamba?"

Tekisi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinangoti maso pawindo, kuwerenga milu ya dothi la m'migodi.

Cha m'ma 8 tinafika pa renki ya matekisi. Ndinadya magwinya awiri, mandasi akunowa, kenako ndinauyatsa wapansi kulowera ku Protea Park kumene kampaniyo ili ndi malo ake. Wothira mafuta woyamba kumulonjera anali Che Saidi a ku Mangochi. Ndinawadziwira kalankhulidwe kuti ndi akwathu.

"Achimwene, sola ija ili kuti?"

"Kwezani maso."

Padenga panali mapanelo anayi, ofiira ndi fumbi.

"Amayatsa chiyani?"

Analoza chikwangwani chobiriwira chojambulidwa tsamba, chonena kuti kampaniyo imakonda chilengedwe.

"Basi? Nanga mapampuwa magetsi akathima?"

"Timayatsa jenereta. Ya dizilo wathu yemweyu, satha."

Ananditengera kwa manejala, mayi wachitswana wa magalasi. Nditangoyamba kufotokoza mmene kuwala kumasandukira magetsi, anandidula ndi ka "Rra" kawo, ndiko kuti bambo.

"Rra, makwerero mumakwera?"

Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikutsika pansi pa nthaka osaopa, koma denga la khola la nkhuku lokha limandizunguza mutu. Ndinati ee. Anandipatsa ndowa ndi chiguduli. Ndinakwera, Che Saidi atagwira makwerero uku akufuula, "Injiniya, musayang'ane pansi! Mukagwa mugwere kutali ndi pampu!"

Pofika 12 koloko mapanelo anali kunyezimira, jekete ya eni ili matope okhaokha. Ntchito ndinaipeza: kutsuka mapanelo Lachisanu lililonse.

Ndili mu tekisi yobwerera ndinaimbira mayi a ana.

"Ndalowa ntchito ya magetsi a dzuwa, kukampani yaikulu ya mafuta."

"Zikomo Ambuye! Masiku angati pa mlungu?"

Ndinatsokomola. "Pakadali pano limodzi. Koma alonjeza kuti mapanelo awonjezera."

"Liti?"

"Sananene."

"Chabwino, bambo a Mphatso. Muwauze kuti nanunso mwalonjeza kudzatsukanso, tsiku simunanene. Mbewu ndagula kale."

Ndaphunzira kuti lonjezo la kampani limakula bwino m'nyuzipepala kuposa padenga. Basi ya ku Lilongwe imanyamuka Loweruka ku Joni. Lachisanu ndikatsuka kaye, ndisasiye dziko mumdima.