Goloboyi Amene Anafulatira Mpira

Daruweshi ndi mkamwini wathu. Anakwatira Zalihata, mwana wa mlongo wanga, n'kulowa m'nyumba imene bambo a mtsikanayo anamumangira kuno ku Vasi, pachilumba cha Ndzuani, kumtunda kwa mzikiti. Mpaka lero amagona m'nyumba imeneyo yekha.

Ntchito yake ndi ya m'nyanja. Amawedza ndi chingwe chamanja, alibe injini, ndipo zikhatho zake zinakakala ngati khungwa la mango. Mpira anayambira pamchenga ali mwana. Anamuika pagolo chifukwa sankathamanga, iye n'kukhazikika pomwepo. Anzake amene anayamba nawo anasiya kalekale. Ena ananenepa, ena anamira.

Ana ake awiri oyamba anafera pobadwa. Mimba yachitatu itakula, akazi a pabanja pathu anagamula kuti Zalihata akachirire ku Maore, chilumba cholamulidwa ndi Afalansa, kumene kuli chipatala chawo. Anawoloka pa kwasa, bwato lozembetsa anthu, mimba ili kutsogolo. Mwana anabadwa wamoyo, wamkazi, dzina lake Nemati. Zalihata sanabwerere. Mwana wobadwira uko akakulira komweko ndi kuphunzira komweko, tsiku lina amadzapeza mapepala a unzika. Mayi ndiye alibe. Akagwidwa amamukweza sitima kubwerera kuno ku Ndzuani, mwana n'kutsala ndi aneba. Ana otsala motero ku Maore ndi ambiri, ndipo aneba amatopa.

Daruweshi anayesapo kuwoloka. Anawagwirira panyanja, n'kuwabweza asanaponde mtunda. Chaka chotsatira mng'ono wake anakwera kwasa imene inagubuduka, ndipo mayi awo anamulumbiritsa Daruweshi atagwira Korani kuti sadzakweranso. Mwana wake ankamudziwira pafoni basi.

Ine ndakhala m'komiti ya timu yathu ya Nyora kuyambira bwalo lili munda wa chinangwa. Masiku ano ndimanyamula madzi. Ndinaona mphunzitsi wathu, Fundi Kamardini, akuyesa kumuchotsa pagolo chaka ndi chaka, ati wakalamba, mawondo akulira ngati chitseko. Koma Daruweshi sankajomba. Ankachoka m'nyanja n'kubwera kubwalo mamba a nsomba ali m'mikono. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Timu imene yatenga ligi ya pachilumba imapita ku Chikho cha Zilumba, ndipo osewera amadindiridwa mapasipoti. Msodzi wa ku Vasi alibe njira ina yowolokera masana.

Chaka chimene Nemati anayamba sukulu tinatenga ligi. Chikho chaka chimenecho chinali ku Maore.

M'sitima anyamata sanamusiye. Anrifu, wotchinga kumbuyo, mwana wopanda mabuleki pakamwa, ankangoti agogo akagwire mpira kaye, zina zija akagwira pambuyo. Wina anati mlamu akamuiwala nkhope amuonetse zikhatho. Daruweshi ankamwetulira pang'ono, maso ali kumadzi.

Anatigoneka pasukulu ina, pageti pali mlonda. Okonza mpikisano anatiuza tsiku lomwelo kuti wosewera mmodzi akangosowa, timu yonse ichotsedwa ndipo Ndzuani sadzaitanidwanso. Osewera ankatuluka pa basi yokha, kupita kubwalo ndi kubwerako. Ine, poti ndine nkhalamba yosathawa, ankandilola kukaswali kumzikiti m'tauni.

Ndinakwera phiri kukamufuna Zalihata kutimanyumba tamalata. Ndinamupeza akuchapa zovala za eni. Anali atavala nsalu ya saluva ngati mkazi wa ku Maore, ndipo ankayankhulanso ngati iwo. Ndi mmene wakhalira zaka zonsezi osagwidwa. Mwana anali kusukulu. Ndinamuuza kuti asayerekeze kubwera kubwalo. Tikafika ndime yotsiriza padzakhala masiku opuma, abale okhala ndi mapepala adzaloledwa kudzationa, ndipo msuweni wathu wina adzamubweretsa Nemati kwa bambo ake.

"Nanga mukagonja, amalume?"

Ndinati tikagonja tagonja.

"Mwamuna wanga afike pachilumba, ine osamuveka maluwa m'khosi? Akazi a osewera a kuno aveka amuna awo. Kwathu adzati ndinakwatiwa kwina."

"Anene. Pageti pali apolisi."

Anafinya malaya amene anali m'manja, nati wamva. Kumva kwa akazi a pabanja pathu ndimakudziwa. Ndinatsika phiri mtima uli m'mwamba.

Tinalepherana ndi a ku Seshelo, tinagonjetsa a ku Morishasi. Daruweshi anagwira penate. Pa ndime ya matimu anayi tinakumana ndi a ku Madagasika, anyamata a ku Mahajanga, aafupi ndi aliwiro. Wogonja ankayenera kukwera sitima m'mawa mwake. Zimenezi anazilengeza pa wailesi, ndipo ndinadziwa kuti kuphiri kuja amva.

Bwalo lake ndi lotchingidwa ndi waya. Msewu wochokera kuphiri umatsika n'kudutsa kuseri kwa golo limodzi, kenako umakhota kulowera kugeti. Pagetipo panaima galimoto ya apolisi. Anthu a kwathu okhala ku Maore anabwera ambiri kudzaona timu yawo, ndipo apolisi ankadziwa kuti abwera. Sankafunsa aliyense mapepala. Ankasankha ndi maso. Pofika nthawi yopuma, m'galimotomo munali mutakhala kale anthu, mitu ili pansi.

Chigawo choyamba chinatha opanda chigoli. M'chigawo chachiwiri Daruweshi anapita kugolo la kumsewu. Kuseri kwake, kunja kwa waya, kunali amayi ootcha mapiko a nkhuku ndi anyamata a ku Maore amene ankamunyoza kuti abwerere akaphe nsomba. Iye maso anali pamasewero. Koma mpira ukapita kutali ankapotoza khosi kuyang'ana kuphiri. Fundi Kamardini anamukalipira kawiri kuti mpira uli kutsogolo.

Dzuwa litayamba kupendeka ndinaona chofiira chikutsika msewu uja.

Anali Zalihata. Anali atafunda shiromani, nsalu ya akazi a kwathu, yofiira ndi yoyera, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ku Maore mkazi wofunda motero ali ngati wadzilemba pamphumi kumene wachokera. Ndinamvetsa chimene anachitira. Ankafuna kuti mwamuna wake amuzindikire ali patali, pakati pa khamu. Sanaganize kuti apolisi nawonso ali ndi maso. Dzanja limodzi anagwira mwana, linalo nkhata ya maluwa oyera.

Ndinanyamula chigubu chamadzi n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa bwalo kulunjika kugolo lathu. Bondo langa ndi lakufa. Kuthamanga sindikanatha, ndipo nkhalamba yothamanga imakoka maso. Iye ankatsika, ine ndinkakwawa. Ndinaona kuti sindimupeza. Akangodutsa kuseri kwa golo n'kukhota, ndiye kuti wafika m'manja mwawo.

Daruweshi anapotoza khosi. Anamuona.

Mpira unali pakati pa bwalo, m'miyendo ya a ku Madagasika. Iye anafulatira. Anayenda, osathamanga, kuzungulira ukonde mpaka pawaya. Anyamata onyoza aja anabwerera m'mbuyo, ankayesa wabwera kudzamenya munthu. Ine ndinali nditafika pakona, ndipo ndinamva.

"Bwerera."

"Bambo a Nemati, ndangobwera kudzakuvekani, kenako..."

"Bwerera, amake mwana. Usathamange. Usayang'ane kugeti."

Zalihata anakweza nkhata ija kuti ailowetse pawaya. Daruweshi sanatambasule dzanja. Ananenanso mawu omwewo, motsitsa, mano ali pamodzi. Mkaziyo anayang'ana kugeti, chimene anamuletsa chija, n'kuona galimoto.

Pamenepo bwalo linaphulika. Mnyamata wa ku Mahajanga anali ataona golo lili lokha, n'kuuponya mpira kuchokera kutali. Unadunda kamodzi n'kulowa.

Chigoli chimenecho chinabweretsa maso a bwalo lonse kumene sitinkawafuna. Anthu ankaloza goloboyi amene waima kuseri kwa ukonde wake. Wapolisi mmodzi anachoka pagalimoto n'kuyamba kuyenda kunja kwa waya, kubwera kuno, zala zili palamba. Zalihata anali atatembenuka. Ankakwera msewu pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kumsika, mwana akukokera m'mbuyo kuti aone chimene anthu akuseka. Nsalu yofiira ija inkaoneka ngati moto paphiri louma.

Daruweshi anatola mpira muukonde. Sanayang'anenso kumsewu. Iye, munthu amene chiyambire sindinamumvepo akukweza mawu, anayamba kumulalatira Anrifu. Anamutchula mwana wa mbuzi, anati miyendo yake ndi ya nkhanu, anati ngati akufuna kugona akagone kwa amake. Anrifu anangoti kukamwa yasa, kenako anabwezera, ndipo anzawo anathamangira kukawaleretsa. Woyimbira analiza wezulo. Daruweshi anaumenya mpira uja ndi mphamvu zake zonse. Unadumpha waya cha kugeti n'kukagwera padenga la galimoto ya apolisi. Phokoso lake linamveka bwalo lonse.

Wapolisi uja anaima n'kutembenuka. Anzake pageti ankaseka, wina akutola mpira. Iye anayang'ana goloboyi wopenga akulandira khadi lachikasu, anapukusa mutu. Kenako anatembenukiranso kumsewu.

Ine ndinagwada ngati ndikuthira madzi m'mabotolo. Madzi ankatayikira pansi. Ndinkayang'ana ndi ngodya ya diso. Zalihata anali asanafike pokhota pa kumtunda, pamene pali nthochi. Wapolisi anayenda pang'ono, anafika pa amayi a mapiko aja, anaima. Mmodzi anamufunsa ngati akufuna chootcha. Iye maso anali kumsewu. Anayang'ana kumtunda nthawi yaitali. Phirilo ndi lotsetsereka, dzuwa linali likadali lamphamvu, ndipo ntchito yosavuta inali pageti.

Mpira unayambiranso. Daruweshi anaima pamzere, nsana uli kumsewu. Ndinaona khosi lake litauma ngati mtengo. Akanangocheuka kamodzi, wapolisiyo akanatsatira maso ake. A ku Madagasika anabweranso, anagwira. Anabweranso, anaukankhira kukona. Popita kukaima pamtengo wa golo anafika pafupi nane, ndipo anafunsa osandiyang'ana.

"Amalume?"

"Sanafike."

Kona inamenyedwa, anaudumphira n'kuukumbatira. Anagona nawo pansi nthawi yaitali kuposa yofunika. Atadzuka ndinamuuza kuti alowa m'nthochi. Wapolisi anali akubwerera kugeti, phiko la nkhuku lili m'manja.

Tinagonja ndi chigoli chimodzi chomwecho.

M'chipinda chovulira Fundi Kamardini anamenya khoma. Anati zaka zonse wakhala akusunga nkhalamba pagolo chifukwa chomvera chisoni, lero yamulipira. Anafunsa kuti kuwaya kuja kunali chiyani choposa chikho. Pakhomo panali pataima anthu a mpikisano, a ku Maore, akumvetsera. Daruweshi anavula magolovesi nati walakwa. Sanawonjezere. Anrifu, amene anali atazindikira, anati akanadziwa kuti chaka chonse akuthamangira ukwati wa munthu wina akanakhala kumunda kwa bambo ake. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Anatseka, koma sanalakwitse kwenikweni. Anyamata amenewo mwayi wotero sadzauonanso. Ena analira.

M'mawa anatikweza sitima. Sitima yomweyo ndi imene imanyamula ogwidwa, amawaika chipinda chapansi. Ndinatsikira kumeneko n'kuyenda pakati pawo, nkhope ndi nkhope. Munali amayi ambiri, ena ovala ngati opita kuukwati, ena akulira mayina a ana. Zalihata munalibe. Ndinakwera kukamuuza Daruweshi. Anagwedeza mutu n'kukhala pansi pomwe anaimapo.

Ku Vasi palibe anatichingamira. Nkhani inali itafika kale, ndipo ana anayamba kumutchula kuti goloboyi wopita kokakodza. Dzinalo lilipobe. Akuluakulu amene amadziwa zoona sakamba, chifukwa pafupifupi nyumba iliyonse kuno ili ndi wake kuphiri kuja. Fundi Kamardini anaika mnyamata pagolo. Daruweshi sanabwerenso kubwalo, ngakhale kudzaonerera. Zalihata akadali ku Maore. Nemati akupitiriza sukulu, ndipo akuti amakhoza.

Patapita masabata ndinamupeza kugombe akumangirira mbedza. Ndinakhala pabwato lake. Tinakamba za mphepo ndi za mtengo wa nyambo. Kenako, maso ali pachingwe, anandifunsa ngati mwana uja ndinamuona bwino.

Ndinati nanga iye, amene anali naye pafupi chonchija.

"Ine ndinkayang'ana galimoto. Ndi wamtali bwanji?"

Ndinaimirira n'kuika dzanja pamwamba pang'ono pa lamba wanga. Analiyang'ana dzanjalo, anayang'ana pansi pamchenga, analiyang'ananso.

"Wakula," anatero. Kenako anandipempha kuti ndimugwirire bwato alikankhire m'madzi.