Mlamu wanga ndi kamwanapiye ka m'ndowa

Mlamu wanga, mkazi wa malemu mng'ono wanga, wagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pamalo pamene amaswetsa mazira a nkhuku ndi makina. Ankaima tsiku lonse patebulo lalitali, anapiye ongoswa kumene akudutsa m'manja mwake. Wabwino m'katoni, wolumala m'ndowa yapansi pa tebulo. Ndowa ikadzadza amaivindikira n'kupita nayo kuseri, ndipo za kumeneko sakonda kuzinena. Anzake ankamutcha Zala, poti ankazindikira chilema asanayang'ane n'komwe.

Lolemba lina anatola kamwanapiye ka miyendo yotangadza ngati sizasi, maso otuwa ngati muli mkaka. Sikankaima ndipo sikankaona. M'malo mwa m'ndowa, kanalowa m'thumba la epuloni. Nditamufunsa chifukwa chake anati, "Alamu, sindikudziwa. Dzanja linangokana."

Mlamu amakhala chipinda chimodzi kuseri kwa mashopu. M'menemo ndinaona ndi maso anga zimene ankachita. Miyendo anailumikiza ndi pulasitala, n'kusiya mpata wa chala chimodzi pakati. Anakakhazika m'kapu yoyalamo kansanza kuti kazolowere kuima. Pambali pake anaika botolo la madzi ofunda lovekedwa sokosi. Madzi akumwa ankathira m'chitsekero cha botolo, chifukwa m'mbale kakanamira. Chovuta chinali chakudya. Kankajompha m'malere, mlomo uku, chakudya uko. Mlamu ankagogoda ndi chikhadabo chivindikiro chimene anaikapo chakudya monga umachitira mlomo wa thadzi, kenako n'kukapendeketsa mutu pang'onopang'ono mpaka kakhudze. Ankachita zimenezi maola awiri alionse.

Ndiye analibe wokasiyira. Anayamba kupita nako kuntchito m'thumba lomwe lija, n'kumakadyetsera m'chipinda chosinthira zovala. Pakati pa anapiye zikwizikwi olira palibe akanakamva. Chinakaulula ndi mwendo wa pulasitala umene unasuzumira kunja, kapitawo akudutsa.

Apa ndinene chilungamo: mlamu analakwa. Lamulo la pamenepo limaletsa kulowa ndi mbalame yochokera kunja, chifukwa matenda a kamodzi atha kupululutsa khola lonse. Ndinamuuza pamaso, ndipo sanatsutse. Akanamulanga pa mlandu umenewo, ine bwenzi ndili chete.

Anamuitana ku ofesi Lachisanu, ine n'kumuperekeza. Kapitawoyo ndi mwamuna wa tayi amene mlamu yemweyo anamuphunzitsa kagwiridwe ka mwanapiye atangoyamba ntchito. Anatisiya chiimire ngakhale mipando inalipo iwiri. Anakankha pepala ndi cholembera.

"Sainani apa, amayi. Kachinthu kanuko mukabweze mawa, Lolemba muyambe ntchito. Nkhani yatha."

Mlamu amawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu. Chala chinaima pakati pa mzere.

"Apa mwalemba kuti ndinaba katundu wa kampani."

"Ndi mmene timalembera."

"Katundu wake uti?"

"Chilichonse cha mkati mwa geti ndi cha kampani."

"Ndi cha m'ndowa chomwe? Mumachigulitsa kwa yani?"

Kapitawo anaseka n'kutembenukira kwa ine. "Madala, auzeni alamu anuwa. Ntchito ya zaka zonsezi aitaye chifukwa cha nkhuku yosaona? Kapena mukufuna muigulire magalasi?"

Mtima unandiwira, koma ndinayankha bwinobwino. "Lembani zimene anachita. Analowa ndi mwanapiye m'thumba, lamulo likukana. Lembani zimenezo asaine pompano, inenso ndisaine pansi pake."

"Fomu yake palibe. Ilipo ndi iyi."

Ndinafunsa ngati cholembera chake chimakana kulemba mawu ena. Chimene ndinaona n'chakuti akalemba za matenda, akuluakulu ake amufunsa kuti masiku anayi onsewo iye anali kuti, mbalame ikulowa ndi kutuluka pamphuno pake. Kuba ndi mlandu wa munthu mmodzi, sukhudza kapitawo. Anasankha kupaka matope mayi wamasiye kuti malaya ake akhale oyera.

Mlamu anafunsanso. "Ndikakabweza mukachita nako chiyani?"

"Mukudziwa kale, amayi. Inu ndi amene mumatayamo."

Pamenepo nkhope ya mlamu inagwa, ndipo ndinaganiza kuti asaina. Ali ndi ana awiri kusukulu ndipo msana wake si wa dzana. Anatenga cholembera, anachiyang'ana, kenako anachiika pamwamba pa pepala.

"Ndataya ambiri, n'zoona. Koma sindinabe. Ana anga asadzamve kuti mayi awo anavomera ndi dzanja lawo kuti ndi mbava."

"Ndiye mwadzichotsa nokha."

Anavula epuloni, anaipinda bwino, n'kuisiya patebulo pamodzi ndi majombo a kuntchito. Pageti mlonda amene wakhala akumupatsa moni zaka zonsezi anamuuza kuti atsegule chikwama. Anachita manyazi mlondayo, maso pansi, koma anapisamo dzanja.

Kamwanapiye kali moyo. Pulasitala anachotsa tsiku lachisanu ndi chinayi. Kamaima, kamayenda chammbali ngati woledzera, kamagunda mwendo wa bedi n'kubwerera. Maso sadzatseguka, ndipo sindinama kuti kadzakula n'kuikira mazira. Mwina kafa mwezi uno.

Mlamu wapita kale kumafamu awiri a nkhuku. Konse anamufunsa kalata ya kumene anachoka. Iye anafotokoza yekha zonse, ndi cholakwa chake chomwe, osabisa kanthu. Anamuuza kuti adzamuimbira. Papita milungu itatu foni ili zii.

Dzulo ndinakumana ndi kapitawo uja pokwerera basi. Anatambasula dzanja n'kuti, "Madala, alamu ali bwanji?" Ndinamuyang'ana mpaka dzanjalo analibweza m'thumba.