Tsamba Limene Bambo Aang'ono Anasuta

Lero pa Zalewa wina wandidutsa akusuta chingambwe chopichira m'pepala la buku, ndipo fungolo landibweza kwathu ku Magaleta.

Ndinali Sitandade 5. Amayi sankatha kuwerenga, choncho masana akamatong'ola chimanga pakhonde ndinkawawerengera buku lachikondi lopanda chikuto limene linkazungulira m'mudzi monse. Ankaseka, nthawi zina n'kumakalipira mtsikana wa m'bukumo ngati akuwamva.

Tsiku lina powerenga ndinafika pamene mwamuna wa mtsikanayo anaulula kuti anathira mankhwala a makoswe m'thobwa la mkulu wake kuti amulande mkazi.

Manja a amayi anaima.

"Tabwereza pamenepo," anatero.

Bambo aang'ono, amene analowa chokolo bambo anga atamwalira mwadzidzidzi ndi m'mimba, anali pomwepo akusema mpini. Ine ndinabwereza mokweza, monyadira kuti sindikuphonya liwu.

"Bwera nalo kuno bukulo," anatero bambowo.

Anang'amba tsamba lomwelo, n'kupichira fodya, n'kuyatsa.

"Nzopeka izi, mayi. Eti?"

Amayi anakoka chikho cha thobwa chimene bambowo anandisiyira, n'kulikhuthulira pansi pang'onopang'ono, utsi uja ukuwalowa m'maso osaphethira.